Aphunzitsi ndi Mantha a Kanema wa pa Foni: Mafunso ndi Mayankho

Alipo aphunzitsi amene aima pamaso pa ana oposa 100 kwa zaka zambiri osatekeseka, koma akangouzidwa pamsonkhano wa ku TDC kuti ayambe kuphunzitsa ndi timakanema topanga okha pa foni, m'mimba mumatentha. Njirayi pa Chingerezi amati digital storytelling, ndipo masiku ano imatchulidwa kawirikawiri pa maphunziro a aphunzitsi m'maiko ambiri. Mafunso ali m'munsimu ndi aja amene aphunzitsi amafunsana chapansipansi pa nthawi ya nkhomaliro, amene sawatulutsa wophunzitsa ali pomwepo.

Kodi chinthu chimenechi n'chiyani kwenikweni?

Ndi nkhani yaifupi, ya mphindi ziwiri kapena zitatu, imene munthu amalemba yekha, n'kuiwerenga ndi pakamwa pake akujambula mawuwo, kenako n'kuikapo zithunzi zoyendera limodzi ndi mawuwo. Mulibe ochita sewero, sipafunika kamera yodula, ndipo kawirikawiri zithunzi zake zimakhala zongoima.

Njirayi idayambira ku California, m'dziko la America. Katswiri wina wa zisudzo, Dana Atchley, adali ndi chionetsero chotchedwa Next Exit: ankakhala pansanja pambali pa wailesi ya kanema yoonetsa moto ukuyaka, n'kumakamba za moyo wake uku akuonetsa zithunzi za banja lake. Mu 1994 iye pamodzi ndi Joe Lambert ndi Nina Mullen adatsegula malo ku San Francisco ophunzitsirako anthu wamba kupanga nkhani zotere. Mu 1998 malowo adasamukira ku Berkeley n'kutchedwa Center for Digital Storytelling, ndipo lero amadziwika kuti StoryCenter. Ku Wales, wailesi ya BBC idaitenga njirayi mu 2001 pa ntchito yotchedwa Capture Wales, ndipo wojambula zithunzi Daniel Meadows adatchukitsa muyezo umene ambiri akutsatirabe: mawu pafupifupi 250, zithunzi pafupifupi 12, mphindi ziwiri.

Chiyambi chimenechi muchione bwino. Atchley adachita kupanga moto wa pa kanema kuti omvera amve ngati akhala pamoto kumvera nthano. Ife moto weniweniwo tidauwotha, ndipo "padangokhala" ndi "tili tonse" tidakula nazo. Chachilendo pano ndi foni yokha.

Ine ndikangomva zoti ndipange kanema, thukuta limatuluka. Si chizindikiro choti zimenezi si za ine?

Ayi, Aphunzitsi. Manthawo ali ndi zifukwa zomveka, ndipo ndi bwino kuzitchula poyera. Mphunzitsi adazolowera kukhala wodziwa m'kalasi: ndiye amafunsa, ana n'kumayankha. Pa maphunziro a foni zinthu zimatembenuka, moti amene mudamuphunzitsa a e i o u ndiye akukuuzani pogwira. Komanso maphunziro ambiri otere amachitika mothamanga, m'Chingerezi chodzaza mayina a mapulogalamu, wophunzitsa akudinadina inu mukufunafunabe pamene wadina poyamba paja. Palinso nkhani ya ndalama. Foniyo mwina mudaigula ndi ngongole ya ku banki m'khonde, ndiye mukuopa kuti mukadina molakwika iwonongeka, kapena zithunzi za ukwati wa mwana wanu zifufutika. Munthu woganiza zimenezi sakuganiza zopusa.

Koma tamvani ichi. Joe Lambert, m'mabuku ake ophunzitsira njirayi, adatchula zinthu zisanu ndi ziwiri zimene zimapanga nkhani yabwino ya mtundu umenewu: wokamba adziwike pamene waima, pakhale funso lokoka womvera mpaka kumapeto, nkhani ikhudze mtima, imveke m'mawu a mwini wake, nyimbo kapena phokoso la pansi lithandize nkhaniyo, pasachuluke zosafunika, ndipo liwiro likhale loyenera. Pa zisanu ndi ziwirizo palibe n'chimodzi chomwe chonena za mtundu wa foni kapena dzina la pulogalamu. Kuyamba ndi funso loti ana atchere khutu, kudziwa podukiza ndi potsindika, kudziwa chosiya kuti phunziro lisalemere: izi mumachita tsiku lililonse phunziro likamayenda bwino. Mbali yovuta ya ntchitoyi muli nayo kale m'manja. Yotsalayo, yodina, ndi ya masana awiri kapena atatu. Ku StoryCenter komweko maphunziro ake odziwika amatenga masiku atatu okha, ndipo amayamba ndi anthu kukhala mozungulira kukambirana nkhani zawo, makina asanakhudzidwe.

Za kuwononga foni, mtima ukhale m'malo. Kudina molakwika m'pulogalamu yolumikizira zithunzi sikuwononga foni, ndipo zithunzi zanu zoyambirira zimakhalabe pamene zidali. Pamakhalanso kamuvi kopindikira kumbuyo. Mukakadina, chimene mwalakwitsacho chimabwerera mwakale.

Aphunzitsi achinyamata, ngakhale ana a Sitandade 7, amaidziwa foni kuposa ine. Ulemu wanga sutha?

Ulemu wa mphunzitsi sutha chifukwa wafunsa. Umatha ana akazindikira kuti akunamizira kudziwa. Paja safunsa adadya phula.

Dziwaninso kuti mnyamata wodziwa kuthwanimitsa zithunzi pa TikTok nthawi zambiri amavutika kulemba ndime zitatu zolumikizana bwino. Aliyense pakati pa inu awiri ali ndi chimene mnzake alibe. Pezani mphunzitsi mmodzi wachinyamata wofatsa, mugwirizane: iye akuonetseni podina, inu mumuthandize kudula nkhani yake. Koma foni ikhale m'manja mwanu. Akangoilanda n'kunena kuti, "Bweretsani ndikuchitireni, Madamu," tsiku limenelo simuphunzira kanthu. Muuzeni kuti, "Ayi achimwene, inu ingolozani, ndidine ndekha." Chilichonse chimene mwadina muchilembe m'kope mwa ndondomeko yake, m'mawu anuanu, kuti mawa mukakhala nokha musasowe poyambira.

M'kalasi namo, kupatsa mwana udindo wogwira foni sikusiyana ndi kusankha wofufuta bolodi kapena wotolera makope. Chimene ndingapemphe n'chakuti muonetsetse kuti atsikana nawo akuigwira. Mukangosiya kuti ana asankhane okha, anyamata olimba pakamwa amailanda, atsikana n'kutsala ongoonerera.

Ndikamva mawu anga pa foni amandinyansa. Ndingaonetse bwanji kwa ana chinthu chotere?

Pafupifupi aliyense amamva choncho poyamba, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Tikamayankhula, mawu athu amafika m'khutu mwathu kudzera njira ziwiri: mumpweya, ndi m'mafupa a m'mutu. Odzera m'mafupa amamveka okuya. Foni imangojambula odzera mumpweya, n'chifukwa chake mukadzimvera mumamva mawu opyapyala, ngati a munthu wina. Komatu amenewo ndiwo mawu amene ana anu amamva tsiku ndi tsiku, ndipo amawatchera khutu. Mukadzimvera kangapo, khutu limazolowera.

Musayese kusanduka wowerenga nkhani pa MBC. Kayankhulidwe ka kwanu, kaya ndi ka ku Ntcheu, ku Nkhotakota kapena ku Mulanje, kasiyeni kamveke. Mwana amakhulupirira msanga mawu amene amawadziwa.

Chabwino. Ndiyambire pati?

Pa kope ndi cholembera, foni ili m'thumba. Ambiri amene amagwa ulesi ndi njirayi ndi amene adayamba n'kutsegula pulogalamu alibe choti anene.

Nkhani yoyamba ikhale yanu, ya inu nokha, isanafike ku phunziro lililonse. Musasankhe mutu waukulu ngati "moyo wanga". Sankhani kanthu kamodzi: tsiku limene mudafika pasukulu yanu yoyamba kuphunzitsa mutanyamula chikwama ndi mphasa, mphunzitsi amene adakulipirirani mayeso bambo anu atalephera, mtengo wa mango umene udadulidwa pabwalo la sukulu. Lembani tsamba limodzi. Mawu a Chichewa ndi ataliatali, choncho 200 akwana kudzaza mphindi ziwiri kapena kupitirira. Mukatha, werengerani anzanu awiri mokweza, muwafunse mafunso awiri okha: mwamva chiyani, ndipo ndi pati pamene maganizo anu adachoka? Pamene adachokapo, dulanipo. Kudula kumapweteka, koma nkhani zambiri zoyamba zimadwala kutalika.

Kenako tengani tsamba lina, mulembe mzere pakati. Kumanzere lembani chiganizo, kumanja lembani chithunzi chimene chidzaoneke chiganizocho chikamamveka. Zithunzi 8 mpaka 12 zakwana. Pojambula, foni igone chopingasa, dzuwa likhale kumbuyo kwanu, ndipo yambani mwapukuta kagalasi ka kamera ndi nsalu yofewa, chifukwa zithunzi zambiri zachimbuuzi zimachokera ku mafuta a zala. Ngati chinthu chimene mukukamba kulibenso, chijambuleni pamanja kapena mupemphe mwana waluso akujambulireni papepala, inu n'kulijambula pepalalo ndi foni. Amene adaphunzira za TALULAR (kuphunzitsa ndi zipangizo zopezeka pafupi) ku koleji sadabwa nazo izi: chipewa chakale, satifiketi yothimbirira, khasu, chitseko cha kalasi, zonsezi ndi zithunzi.

Pojambula mawu ndi pamene pamafunika kudekha. Kalasi lopanda anthu, la simenti pansi ndi malata pamwamba, limabweza mawu, moti mukamvera zimakhala ngati mumayankhulira m'chitsime. Malo abwino ndi kuchipinda chogona, kumene matiresi, makatani ndi zovala zopachika zimameza phokoso. Dikirani chigayo chitseke, ana agone, wailesi ya aneba izime. Tsekani netiweki kuti wina asakuimbireni muli pakati. Ikani foni pa pilo, motalikira chikhatho chimodzi kuchokera pakamwa, chakumbali pang'ono kuti mpweya wa "pa" ndi "pha" usamaphulikire m'foni. Jambulani ndime imodziimodzi. Mukalakwitsa musayambirenso pachiyambi. Khalani chete pang'ono, bwerezani chiganizocho, cholakwikacho mudzachidula.

Pomalizira ndipo pamabwera pulogalamu yolumikizira, monga InShot, CapCut kapena KineMaster. Mabatani ake ndi ambirimbiri, koma inu mukufuna zinayi zokha: kulowetsa zithunzi, kulowetsa mawu anu, kutalikitsa kapena kufupikitsa nthawi imene chithunzi chikuoneka kuti chigwirizane ndi mawuwo, ndi kusunga kanemayo m'foni. Enawo asiyeni. Bandulo imafunika potsitsa pulogalamuyo. Ntchito zinayizi zimatheka intaneti itazimitsidwa.

Sukulu yathu ilibe magetsi a Escom, ana ndi oposa 100, foni ndi yanga imodziyi. Zimenezi si za masukulu a m'tauni?

Funso limeneli ndi lolemera, ndipo aliyense wobwera ndi njirayi osaliyankha sakukuchitirani chilungamo. Ana 100 sangaonere limodzi pa foni ya m'manja. Koma angamvere limodzi. Kasipika kakang'ono ka Bluetooth, kotchaja pa sola, kamamveka kalasi lonse. Mawu ajambulidwe pa foni, zithunzi zijambulidwe zazikulu pa mapepala a tchati kapena pa makatoni, ana awiri aziimika chimodzichimodzi nkhani ikamamveka. Aphunzitsi amene adagwiritsapo ntchito pulogalamu ya pa wailesi ya Tikwere akudziwa mmene kalasi limakhalira chete mawu akayamba kutuluka m'kabokosi. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano mawuwo ndi anu kapena a ana eni ake, ndipo mutha kuimitsa, kufunsa funso, n'kubwereza.

Mukafuna kuti aonenso kanemayo, aonetseni m'magulu a ana 8 kapena 10, ena akulemba ntchito. Mphindi ziwiri pa gulu si zambiri. Kugawana ndi aphunzitsi anzanu nakonso sikufuna bandulo: Bluetooth, Xender kapena memole khadi zimakwanira.

M'masukulu amene mudafika matabuleti a BEFIT, pulogalamu ya boma imene idayamba mu 2023 ya ana a Sitandade 1 mpaka 4, matabuletiwo adakonzedwera ntchito yawoyawo ya kuwerenga ndi masamu, choncho musawawerengere ngati zipangizo zopangira makanema. Phindu lake kwa inu n'lakuti ana amene adutsamo adazolowera kale kumvera ndi kuona phunziro m'Chichewa pa galasi.

Chimodzi ndinene mosabisa: si bwino kuti zonsezi zizichoka m'thumba la mphunzitsi. Malipiro ake ndi odziwika. Kasipika, kasola kotchajira ndi memole khadi ndi nkhani yokakambirana ndi ahedi ndi komiti ya sukulu, kuti zikhale katundu wa sukulu.

Silabasi ndi yaitali, mayeso a Sitandade 8 sadikira. Uku si kutaya nthawi?

Kutha kukhala kutaya nthawi, inde. Ngati mphunzitsi wachezera usiku wonse kukongoletsa kanema woti ana angoonera ali manja lende, bola akadangolemba pabolodi. Phindu lalikulu la njirayi limabwera ana eni ake akamapanga nkhaniyo, ndipo limabwera foni isanatuluke m'thumba.

Tiyerekeze phunziro la kukokoloka kwa nthaka m'kalasi la pamwamba ku pulayimale. M'buku muli tanthauzo, zoyambitsa ndi njira zopewera, ndipo ana atha kuloweza zonsezo osagwirizanitsa ndi chigwembe chimene amadumpha m'mawa uliwonse kuseri kwa zimbudzi za sukulu. Tsono gulu limodzi la ana lipite ndi chingwe likayeze kuya ndi kutambalala kwa chigwembecho. Lina likafunse agogo okhala pafupi: "Agogo, kodi pano padali chonchi kale?" Mwina agogowo ayankha kuti, "Ayi mdzukulu wanga, pano tinkadutsa ndi ngolo, mitengo ya m'phirimo isanathe." Lina lijambule papepala mmene malowo adalili. Akabwerera m'kalasi, muwauze kuti nkhani yonse ikwane ziganizo 12 zokha. Apa ndi pamene pamayaka mkangano wokoma: wina akuti tiyambe ndi mvula, wina akuti tiyambe ndi mawu a agogo, wina akuti chiganizo ichi n'chabodza chifukwa madziwo sachokera kumsewu koma padenga la kalasi lopanda ngalande. Mwana amene wakangana choncho sangaiwale chimene chimayambitsa kukokoloka kwa nthaka. Wayeza, wafunsa, walemba, wafufuta, wawerenga mokweza. Foni imangobwera kudzasunga zimene zachitika kale m'mutu mwake, ndiponso kumupatsa chifukwa cholembera mosamala, podziwa kuti anzake a kalasi lina ndi makolo adzamva.

Pali kafukufuku wodziwika amene amathandiza pano. Richard Mayer, wa ku University of California ku Santa Barbara, adasonyeza m'buku lake la mu 2001 lotchedwa Multimedia Learning kuti anthu amamvetsa bwino mawu akaphatikizidwa ndi zithunzi zogwirizana nawo kusiyana ndi mawu okha. Koma adapezanso kuti zokometsera zosakhudzana ndi phunziro, monga nyimbo ndi phokoso longoikamo, zimachepetsa kumvetsa. Kwa mphunzitsi wamantha uwu ndi uthenga wabwino: kanema wanu wosathwanima, wa mawu omveka ndi zithunzi zoyenera, aphunzitsa bwino kuposa wodzaza zilembo zovina.

Sikuti phunziro lililonse lisanduke kanema. Kamodzi pa teremu n'kokwanira, pa mutu umene uli ndi malo, anthu kapena kusintha kooneka: mbiri ya mudzi, ulendo wa madzi kuchoka pachitsime kufika m'ndowa ya kunyumba, mmene msika udayambira. Masamu ochulukitsa ndi ogawa akufunabe choko, bolodi ndi kubwerezabwereza. Pochonga, malikisi ambiri apite ku zoona za nkhaniyo, kalembedwe ndi kawerengedwe. Mukapereka malikisi pa kukongola kwa kanema, opambana adzakhala ana a m'mabanja okhala ndi mafoni odula basi.

Tipange m'Chichewa kapena m'Chingerezi?

Zitengera cholinga. Ngati mukufuna kuti mwana aganize mozama ndi kufotokoza za kwawo, ayambe m'chiyankhulo chimene amaganizira, kaya ndi Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilhomwe, Chisena kapena Chitonga. Ngati ndi phunziro la Chingerezi, ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zakwana, ndipo mudzaona mwana amene amakana kuwerenga pagulu akupempha yekha kuti abwereze kachitatu chifukwa sadakhutire ndi mmene wamvekera. Osowa poyambira atha kuona timabuku taulere ta African Storybook, ntchito ya bungwe la Saide la ku South Africa, momwe mulinso nkhani za m'Chichewa zololedwa kugwiritsa ntchito pophunzitsa.

Ndiye mukuti palibe choopa chilichonse?

Chilipo, ndipo n'chachikulu kuposa mabatani. Ndikadakonda mantha onse amene aphunzitsi ali nawo pa kudina akadasamukira kuno.

Choyamba ndi nkhope ndi dzina la mwana. Kanema akangotuluka m'foni yanu kupita pa gulu la WhatsApp, simungamubwezenso. Afika kwa anthu amene simukuwadziwa, ndipo akhalako mwanayo atakula. Malamulo a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo kuyambira mu 2024 tili ndi lamulo loteteza zinsinsi ndi mbiri za anthu, la Data Protection Act. Koma ngakhale lamulo likadapanda kukhalapo, ulemu wokha ukadatiuza kuti sitijambula mwana wa mwini osapempha. Yambani ndi ahedi, kenako makolo, pamsonkhano wa PTA kapena pa kalata, m'chiyankhulo chimene akumva. Auzeni mosabisa kuti kanemayo adzaonetsedwa kuti, kwa yani, ndipo adzasungidwa ndi ndani. Kholo likakana, lakana, ndipo mwana wake asalangidwe kapena kutsalira. Atha kulemba, kujambula papepala kapena kugwira foni. Njira yosavuta koposa ndi kupanga nkhani zopanda nkhope: manja akudzala mtengo, mapazi akuwoloka mtsinje, zojambula za ana. Dzina lonse la mwana, dzina la sukulu ndi mudzi wake zisaonekere pamodzi.

Chachiwiri ndi nkhani zopweteka. Mukauza ana kuti akambe za moyo wawo, ena adzakamba zimene simumayembekezera: imfa ya mayi, njala ya kunyumba, nyumba imene idapita ndi namondwe wa Freddy mu 2023, ngakhale nkhanza zimene akuchitiridwa ndi wachibale. Mabungwe amene amagwiritsa ntchito njirayi pa nkhani zotere, monga Silence Speaks imene idagwirapo ntchito ndi Sonke Gender Justice ku South Africa, amakonzekera mwapadera, ndipo amalola mwini nkhani kusintha maganizo ngakhale kanema atatha. Kalasi la ana 100 si malo otsegulira mabala otere. Perekani mitu imene mwana angasankhe mmene akufuna kuyandikira, ndipo musakakamize aliyense kukamba za kunyumba. Mwana akaulula za nkhanza, zimenezo si za kanemanso. Zimitsani foni, mumvereni padera, ndipo nkhaniyo ipite kwa ahedi, amayi a mother group, ogwira ntchito yoteteza ana m'dera lanu kapena apolisi a Victim Support Unit. Ndipo pali chinthu chimene ndimadana nacho kwambiri: kujambula mwana wong'ambika zovala kuti anthu akunja amve chisoni n'kutumiza thandizo. Mwana si chikwangwani chopemphera.

Chachitatu ndi miyambo. Ana akamafufuza za kwawo adzafika pa gule wamkulu, chinamwali ndi manda. Zovinidwa pabwalo zili ndi malamulo ake, za kudambwe ndi kutsimba si zojambula. Pitani kwa amfumu kaye, mufunse chololedwa ndi chosaloledwa. Agogo amene akufunsidwa nawonso auzidwe kuti mawu awo akujambulidwa, ndipo kanema akatha akaonetsedwe kwa iwo poyamba.

Nanga nyimbo ndi zithunzi za pa intaneti?

Nyimbo ili ndi mwini wake, ndipo lamulo la Copyright Act la mu 2016 limamuteteza. Bungwe la COSOMA lilipo pa ntchito imeneyo. Kanema wokhala ndi nyimbo ya woimba wotchuka athanso kutsekedwa mawu mukamuika pa Facebook kapena YouTube. Ngati mukufunadi kanthu ka pansi, jambulani ana akuomba m'manja, mvula padenga, kapena wina akuimba kalimba chapansipansi. Zithunzi nazo, chojambula mwana wa m'kalasi mwanu chimaposa cha pa intaneti choonetsa munda wa kudziko kumene sikulimidwa chimanga.

Bwanji zikakanika ana onse akuyang'ana?

Tsiku lina zidzakanika. Batire lidzatha, sipika idzakana kulumikizana, kanema adzaima pakati. Yesani zonse dzulo lake m'kalasi lomwelo, tchajani usiku, ndipo pepala la nkhaniyo likhale m'thumba. Foni ikakana, musataye mphindi 10 mukulimbana nayo ana akuyamba phokoso. Iikeni pambali, tulutsani pepala, werengani nkhaniyo ndi pakamwa, zithunzi muziyendetse m'mizere kapena muzifotokoze. Phunziro lipitirira, ndipo ana aona mmene munthu wamkulu amachitira chinthu chikavuta.

Kwa ahedi ndi a PEA, pempho langa ndi ili: musayambe n'kufunsa makanema angati amene mphunzitsi wapanga pa teremu. Patulani masana awiri pa maphunziro a pasukulu kapena a pa zoni, aphunzitsi akhale awiriawiri, wamkulu ndi wachinyamata, aliyense atulukepo ndi nkhani yake imodzi imene sadzakakamizidwa kuonetsa kwa wina. Ndipo inu Aphunzitsi, Loweruka likubwerali lembani tsamba limodzi lija, Lolemba mukawerengere anzanu awiri pa nthawi yopuma. Za pulogalamu mudzafunse sabata inayo.